Ngongole ya Sukulu Siikhululukidwa Yokha

M'makomo ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri muli achinyamata amene anaphunzira ku MUBAS kapena ku KUHeS ndi ngongole ya boma. Ena mwa iwo ali ndi chiyembekezo chakuti tsiku lina boma lidzangolengeza kuti ngongolezo zakhululukidwa. Chiyembekezochi chinakula atamva za ku America, kumene Pulezidenti Joe Biden mu 2022 analonjeza kuchotsera ophunzira ambiri ngongole yofika madola 10,000 aliyense. Koma ngakhale kumeneko, Khoti Lalikulu linaletsa ndondomekoyo mu June 2023. Kuno kwathu lamulo likuti ndalamazo zibwezedwe.

Ngongolezi zimayendetsedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli linapatsidwanso udindo wotolera ngongole zakale, kuyambira za mu 1985. Choncho bambo amene anatuluka ku Polytechnic zaka makumi atatu zapitazo, ngati sanabweze, dzina lake likadali m'kaundula.

Wophunzira akamaliza maphunziro amapatsidwa zaka ziwiri asanayambe kubweza. Ambiri amayesa nthawi imeneyi ndi yopumula, chonsecho ndi yokonzekera. Ndi nthawi yofunsa ku bungwelo kuti ngongole yonse yafika pati, kusunga makalata onse a mgwirizano, ndi kuyamba kupatula kangachepe mwezi uliwonse.

Amene walembedwa ntchito, abwana ake ali ndi udindo wodula ndalamazo pa malipiro ndi kuzitumiza ku bungwelo. Komabe ndi bwino kuonetsetsa kuti zodulidwazo zikufikadi. Nkhani imavuta kwa amene adzilemba okha ntchito, ndipo m'matauni mwathu muno alipo ochuluka: wokonza mafoni mu msika wa Ndirande, wophunzitsa ana masamu pakhonde ku Zingwangwa. Iwowa alibe wowadulira, ayenera kupita okha kukagwirizana ndi bungwelo za kabwezedwe. Kukhala chete sikuchepetsa ngongole, ndipo kungadetse mbiri ya munthu pamene adzafune ngongole ya bizinesi ku banki.

Makolo nawonso adziwe kuti thumbali ndi lozungulira. Ndalama zimene womaliza maphunziro wabweza n'zomwe zimathandiza kulipirira mtsikana wa ku Bangwe amene wasankhidwa chaka chino koma kwawo kulibe fizi.