Kuwerenga Magulu Awiri Olowana

Alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amalima cimanga ca cakudya, ndipo ambiri amalimanso nsawa ndi thonje kuti apeze ndalama. Mlangizi wa zaulimi ayenera kudziwa bwino ciwerengero ca mabanja olima mbeu zimenezi, pakuti akalakwa kuwerenga, ndalama za alimi zitayika.

Taganizani za mudzi wa mabanja 40. Mabanja 25 amalima nsawa, 22 amalima thonje, ndipo 5 salima nsawa kapena thonje. Banja lililonse lolima mbeu zogulitsazi lifuna thumba limodzi la feteleza. Munthu wofulumira aphatikiza 25 ndi 22, naitanitsa matumba 47. Koma m'mudzimo muli mabanja 40 okha. Nanga colakwa cili pati? Colakwa ncakuti banja lolima mbeu zonse ziwiri lawerengedwa kawiri.

M'caka ca 1880 John Venn, mphunzitsi wa ku Cambridge, anaonetsa njira yoonera zotere ndi maso. Amalemba mizere iwiri yozungulira ngati nkhokwe ziwiri zolowana. Nkhokwe yoyamba ndi ya olima nsawa, yaciwiri ya olima thonje, ndipo pakati pamene zalowana pakhala olima zonse ziwiri.

Ciwerengero ca apakatiwo sicidziwika, motero cipatsidwa dzina lakuti x. Pocotsa mabanja 5 aja pa 40, patsala 35. Tsono 25 + 22 − x = 35, ndiko kuti 47 − x = 35, ndipo x ndi 12. Olima nsawa zokha ndi 13, olima thonje lokha ndi 10. Pophatikiza 13, 12, 10 ndi 5, mabanja akwana 40. Matumba ofunika ndi 35. Munthu wofulumira uja akadataya ndalama za matumba 12.

Ciwerengero comweci cidziwitsanso za mwai. Maina onse 40 akaikidwa m'dengu, mwana natola limodzi osayang'ana, mwai wakuti litoledwe la banja lolima zonse ziwiri ndi 12 pa 40, ndiwo 3 pa 10.

Funso: M'kalasi la ana 30, ana 18 anapitapo ku Kulamba ku Mkaika, 16 ku Ncwala ku Mtenguleni, ndipo 4 sanapite konse. Ndi angati anaona miyambo yonse iwiri?