Manyazi nawo ndi copereka: za okwera pa siteji koyamba

Nyengo ya Lenti ikayandikira, m'maparishi ambiri kuyambira ku Lundazi, Chipata ndi Katete kufikira m'makomboni a mu Lusaka, pamamveka cilengezo cimodzi Misa ikatha: kufunika anthu ocita sewero la Masautso a Ambuye, ndipo ndalama za pakhomo zidzathandiza odwala ndi ana amasiye. Acinyamata amaimika manja msanga. Akulu-akulu amayang'ana pansi, ena n'kuyamba kufuna-funa kolona m'thumba. Koma sewero la Masautso silingatheke ndi ana okha-okha. Kayafa afunika munthu wa imvi, Pilato afunika mau a mwamuna wokhwima, ndipo Amai Maria pansi pa mtanda sangakhale kamtsikana ka giredi 9. Motero caka ndi caka pamapezeka kalipentala, mai wogulitsa tomato pa msika, kapena mphunzitsi wopuma pa nchito, amene amakwera pa siteji koyamba m'moyo wake wonse.

Nkhani ya lero ndi ya anthu amenewa. Copereka cao sicilowa m'mbale ndipo msungicuma sacilemba m'buku, koma ndico cimaitana ndalama zonse za tsikulo. Iwo amapereka manyazi ao, ndipo ife oonerera tili nao ngongole.

Kulemera kwa coperekaci

Pakati pathu munthu wamkulu amasunga ulemu wake monga asungira mbeu ya caka camawa. Sathamanga pa anthu, safuula, salira mokweza kupatula pa maliro. Tsono ganizirani bambo wa zaka 55, wa ana ndi adzukulu, atavala nsalu ya pabedi ndi cisoti ca makatoni, mawondo ali pamtunda, afuula pamaso pa apongozi ake amene akhala pa benchi yaciwiri. Ganizirani mai amene acita mbali ya Veronika, agwada m'fumbi, pamene anzake a pa msika amuloza ndi cala. Wovina Gule Wamkulu nkhope yake siioneka, ndipo mwambo sulola kumuchula dzina. Wocita sewero la pa parishi alibe cobisalamo. Nkhope ndi yake-yake, ndipo mawa adzakumana ndi oonerera onsewo pa cigayo, pa mjigo ndi m'minibasi.

Ndiye cifukwa cake ambiri amasankha kupereka ndalama m'malo mwa kukwera pa siteji. Ndalama ukapereka, nkhani yatha. Manyazi ukapereka, anthu amakamba za iwe mwezi wathunthu. Komabe popanda munthu wotere holo siidzaza. Tinene zoona: anthu sagula tikiti kuti amve nkhani yatsopano, pakuti Masautso a Ambuye amawadziwa kuyambira ku katekisimu. Amabwera kudzaona mnansi wao ali Pilato.

Si zacilendo kuno kwathu

Masewero a anthu wamba ali ndi mizu yaitali mu Zambia. Akulu-akulu akumbukira malemu Julius Chongo pa Radio Zambia m'pologalamu ya Poceza M'madzulo, munthu mmodzi wosintha mau kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi cilombo, mpaka banja lonse kusiya nsima kuzizira. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a pa University of Zambia pamodzi ndi mphunzitsi wao Michael Etherton anali ndi bwalo la masewero lochedwa Chikwakwa, dzina locokera ku cikwakwa cochetchera udzu. Iwo anakana zoti sewero ndi la m'nyumba zokongola za m'tauni zokha, ndipo anali kupita m'zigawo kukacita masewero m'zinenero za anthu a kumeneko.

Matenda a Edzi atafika, sewero linakhala cida. Cipatala ca Chikankata ca mpingo wa Salvation Army cinayamba nchito yosamalira odwala kunyumba zao mu 1987, ndipo m'zaka za m'ma 1990 nchito yotere inafalikira m'madayosizi a Katolika. Mankhwala a ma ARV asanakhale aulere m'zipatala za boma mu 2005, amai odzipereka ndiwo anali kusambitsa odwala ndi kuwaphikira phala. Sopo, ufa ndi shuga zinali kufuna ndalama, ndipo magulu ambiri anali kuzipeza ndi makwaya, kugulitsa zitumbuwa ndiponso masewero. Zosowa zasintha koma sizinathe. Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira giredi 12 mu 2022, koma mwana wamasiye afunikabe yunifomu, nsapato ndi cakudya. Cilala ca mu 2024, cimene boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu February caka comweco, cinatikumbutsa kuti thumba la ufa lingakhale malire pakati pa wodwala womwa mankhwala ndi wodwala wowasiya cifukwa ca njala.

Mpingo nawo uli ndi mbiri yake. Pa Lacisanu Loyera timawerenga Masautso olembedwa ndi Yohane, mutu 18 ndi 19, mogawana mau: wina ali wofotokoza, wina Ambuye, ena khamu la anthu. Ku Germany kuli mudzi wochedwa Oberammergau umene anthu ake analumbira mu 1633, pa nthawi ya mliri, kuti azicita sewero la Masautso. Anayamba mu 1634 ndipo amalicita pa zaka 10 zilizonse. La mu 2020 linasunthidwa kufika mu 2022 cifukwa ca Covid-19. Ocita sewerolo, pafupi-fupi anthu 2,000, ndi eni mudzi, ndipo amuna amaleka kumeta tsitsi ndi ndevu kuyambira pa Lacitatu la Phulusa la caka ca m'mbuyo mwake. Naye Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anaceza kuno mu May 1989, ali mnyamata wochedwa Karol Wojtyła anali kucita masewero mobisa m'nyumba za anthu mu mzinda wa Kraków kuyambira mu 1941, dziko la Poland lili m'manja mwa asilikali a Germany. Analibe siteji yokongola. Mphamvu yao yonse inali m'mau olankhulidwa bwino. Tsono bambo woopa kuti sewero lidzamucotsera ulemu adziwe kuti ali pa mzere wa anthu olemekezeka.

Zimene woyamba amakumana nazo

Monga katekisti, nchito yokonzekeretsa masewero otere imandigwera kawiri-kawiri, ndipo zimene zimavuta oyamba ndi zimodzi-modzi caka ndi caka.

Coyamba ndi mantha a m'thupi. Pakamwa pamauma, mawondo amagwedera, mtima umagunda ngati mtondo wa m'mawa. Ena amaganiza kuti adwala kapena kuti Mulungu sanafune kuti acite. Si conco ai. Thupi likaona maso ambiri limakonzekera kuthawa monga likaona njoka. Mantha amenewa amakula pamene munthu adikira kuseri kwa katani, ndipo amacepa akangonena mau ake oyamba. Motero mau oyambawo ayenera kulowezedwa kopambana ena onse. Kupuma mozama katatu, kumwa madzi pang'ono ndi kupemphera pamodzi musanayambe kumathandiza kwambiri.

Caciwiri ndi kuloweza. Akulu ena kuwerenga kumawavuta, kaya cifukwa ca maso kaya cifukwa sukulu sanapite nayo patali, ndipo amacita manyazi kunena. Wotsogolera wanzeru sagawa mapepala n'kulamula aliyense kuti awerenge mokweza pa gulu. Amawerenga yekha, onse n'kumabwereza, monga tiphunzirira nyimbo za m'chalichi. Mdzukulu angathenso kujambula mauwo pa foni kuti agogo azimvera ali ku munda. Milungu 6 ya Lenti ndi yokwanira ngati gulu likumana kawiri pa mlungu ndipo anthu asunga nthawi.

Cacitatu ndi mau ndi kaimidwe. Woyamba amalankhula kwa mnzake wa pafupi monga ali pa khonde, kuiwala agogo a pa benchi yomaliza. Amafulatira oonerera, ndipo amathamangitsa mau kuti amalize msanga. Lamulo ndi lapafupi: nkhope kwa anthu, mau kwa munthu wakutali, ndipo usayambe kulankhula pamene anthu akali kuseka kapena kuomba m'manja. Musadalire maikolofoni, pakuti malaiti angapite pakati pa mlandu wa kwa Pilato. Sewero la masana, mazenera ali otsegula, silikhumudwitsa.

Cacinai ndi kuiwala. Aliyense amaiwala. Paikidwe munthu kuseri kwa katani wokhala ndi pepala wonong'oneza, ndipo ocita sewero aphunzire kuolotsana: mnzako akauma pakamwa, mufunse funso limene limubwezere pa njira. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo pa siteji ndevu zimapsa msanga.

Pali cinanso cimene sitiyenera kucinyalanyaza. Anyamata ocita mbali ya asilikali nthawi zina amatengeka, n'kukwapula zeni-zeni. Zikwapu zikhale za nsalu, cisoti caminga cikhale copanda minga yolasa, mtanda ukhale wa matabwa opepuka ndipo uyesedwe kangapo tsiku lisanafike. Zovala nazo zivalidwe pokonzekera, kuti Kayafa asadzapunthwe pa mkanjo wake pamaso pa anthu. Sewero lothandiza odwala lisaonjezere wodwala wina.

Ngongole ya ife oonerera

Ngongole yoyamba ndi ulemu. Kuseka sikuletsedwa. Nthawi zambiri anthu amaseka cifukwa ca kudabwa poona munthu amene amudziwa atavala zacilendo. Koma pali kusiyana pakati pa kuseka ndi kunyoza. Wocita mbali ya Yudasi amasenza katundu woposa onse: ana amamutsata m'njira ndi dzina limenelo, ndipo akulu amaliponya pa iye mkangano ukabuka pa msonkhano wa mphakati. Ndaona bambo wina wokhulupirika akukana kubwerera caka cotsatira cifukwa mkazi wake anatopa ndi kuchedwa dzina la mkazi wa Yudasi ku mjigo. Wotsogolera mapemphero anene poyera sewero likatha kuti maina onse atsala pa siteji. Ndiponso masiku ano foni iliyonse ijambula. Kutenga kacidutswa pamene mai waiwala mau kapena nsalu yamasuka, n'kukamwaza pa WhatsApp ndi Facebook, ndi kuba cimene munthu anapereka kwa Mulungu ndi kwa osauka.

Ngongole yaciwiri ndi ya ulemu wa othandizidwa. Si bwino kuimika ana amasiye kutsogolo kuti anthu awamvere cisoni ndi kutulutsa ndalama zambiri, kapena kuchula maina a odwala. Ngati m'malo mwa Masautso gulu lasankha sewero la moyo wa masiku ano, monga la kulanda cuma ca mai wamasiye, lisamalire kuti nkhani yake isaloze banja lodziwika la m'mudzi momwemo. Nalo khamu lofuula pamaso pa Pilato lisaonetsedwe monga mtundu woipa wa anthu ena. Msonkhano Waukulu wa Vatican Waciwiri unaphunzitsa mu 1965, m'cikalata ca Nostra Aetate, kuti imfa ya Ambuye isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi ija kapena a lero. Khamu lija ndi ife tomwe ndi macimo athu.

Ngongole yacitatu ndi ya ndalama, ndipo apa m'pamene magulu ambiri amagwera. Njira ya Mtanda ya pa Lacisanu Loyera ndi pemphero, siilipiritsa pakhomo, ndipo copereka ca tsiku limenelo mwa mwambo wa Mpingo cimapita ku Dziko Loyera. Sewero lopezera ndalama licitike tsiku lina, mu holo kapena pa bwalo la sukulu, a Bambo ndi bungwe la parishi atavomereza. Matikiti akhale ndi manambala. Owerenga ndalama akhale 3, osati a nyumba imodzi, ndipo awerengere pomwepo anthu asanabalalike. Zolowa pa foni zipite pa nambala imodzi yodziwika kwa onse. Pa Sondo lotsatira cilengezo cinene zimene zinalowa, zimene zinapita ku zovala ndi holo, ndi zimene zatsala. Patapita mwezi, a gulu losamalira odwala kapena a Vinsenti wa Paulo anene kuti anagula matumba angati a ufa, mayunifomu angati, sopo woculuka bwanji. Munthu amene anagwada m'fumbi pamaso pa apongozi ake ali ndi ufulu wodziwa kumene manyazi ake anakathera. Ndalama zikasowa mosadziwika bwino, caka camawa simudzapeza Pilato, ndipo wovutika adzakhala wodwala uja wogona pa mphasa.

Kwa inu amene mukali kukayika

Lenti imatipempha zinthu 3: kupemphera, kusala ndi kuthandiza osauka. Ambiri timasala nyama kapena mowa. Kusala ulemu wako kwa maola awiri kuti mwana wa mnansi apite ku sukulu atavala nsapato ndi kusala kovuta koposa, ndipo phindu lake silithera kwa mwanayo. Mai amene sanalankhulepo pa gulu akamaliza mbali yake amayamba kuwerenga Mau a Mulungu pa mphakati. Bambo amene ana ake anali kumuopa amakhala ndi nkhani yoseka nao pa cakudya ca madzulo. Kupatsa n'kuika, anatero makolo.

Conco cilengezo cikamveka m'parishi mwanu, inu a imvi musasiyire ana okha. Ngati mau akuvutani, pemphani mbali ya Simoni wa ku Kirene, amene nchito yake ndi kusenza cabe. Ndipo inu amene mudzakhala pa benchi, gulani tikiti, ombani m'manja, ndipo pa Sondo lotsatira funsani lipoti la ndalama.