Kuika chitseko cha chipinda: nkhani yagona pa muyeso

Mabanja ambiri m'boma lino amalowa m'nyumba zatsopano makomo a zipinda ali otchinga ndi nsalu, podikira ndalama zolipira kalipentala. Komatu ngati felemu ilipo kale, mwininyumba angathe kuika yekha chitseko, bola akhale ndi tepi, pulena, tchizulo ndi sikuludiraiva.

Asanapite kogula, ayeze m'lifupi mwa felemu pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa miyeso itatuyi kawirikawiri imasiyana. Zitseko zambiri za m'sitolo zimakhala mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali. Chikakula, achipale pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri.

Popala, asiye mpata wa mamilimita 3 m'mbali ndi pamwamba, komanso pafupifupi 10 pansi. Thabwa limafufuma m'dzinja, choncho chitseko cholowa mothina mu Okutobala chimakana kutseka mu Januwale.

Kenako aseme ndi tchizulo malo okhala mahinjesi. Wina agwirizire chitseko chitakhazikidwa pa timatabwa, ndipo hinjesi ya pamwamba iyambe kumangidwa. Loko aikidwe pomaliza. Popaka penti asaiwale m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi, pakuti chinyezi chimalowera m'menemo.