Backup yatha, koma fayilo yofunika yatsala

Pa zipatala za kumudzi monga Madziabango, Lirangwe ndi Chileka, manambala a lipoti la mwezi amayambira m'kaundula wa pepala n'kukathera mu DHIS2, dongosolo la Unduna wa Zaumoyo. Panjira amadutsa pa laputopu ya kalaliki, ndipo mafayilo a pamenepo ndi amene backup imatha kuwasiya mwakachetechete akakhala okiyidwa.

Kukiyidwa n'kutani?

Pulogalamu ikatsegula fayilo, imatha kuuza Windows kuti wina asaigwire mpaka itamaliza, kuopa kuti awiri angalembe malo amodzi nthawi imodzi. Vuto n'lakuti pulogalamu ya backup nayonso imabwezedwa pakhomo. Imalandira error 32, imalemba kamzere mu log, n'kupitirira. Fayilo ya Outlook yothera ndi .pst ndiyo yodziwika ndi khalidweli. Ya Excel nthawi zina imakopedwa ndithu, koma zimene kalaliki sanaseve zimatsala.

Chimandipweteka ndi ichi: mafayilo akalekale amene palibe akuwafuna amakopedwa bwinobwino, pomwe yotsalayo ndi imene imatsegulidwa m'mawa uliwonse.

Wagwira ndani?

Musathamangire kufufuta kanthu. Tsegulani Resource Monitor, pitani pa CPU, lembani dzina la fayilo pamene alemba Associated Handles. Dzina la pulogalamu yoigwira lituluka. Pa Linux lamulo lake ndi lsof. Kawirikawiri wolakwa ndi Outlook imene inasiyidwa yotsegula poweruka, antivirus, kapena mnzanu wa chipinda china amene watsegula fayiloyo kudzera pa netiweki.

Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi, Excel imasiya kafayilo kobisika koyamba ndi ~$. Kakatsala, fayilo imaoneka ngati ili m'manja mwa munthu pomwe palibe. Kameneka kokha mungakafufute, mutatsimikiza kuti aliyense watseka.

Backup yosatha usiku wonse

Robocopy, chida chokopera cha Windows, ikakumana ndi fayilo yokiyidwa imayesanso maulendo 1,000,000, kupumira masekondi 30 pakati. Kumacha isanasunthe. Onjezani /R:2 /W:5 kuti iyese kawiri n'kupitirira, kenako muwerenge log muone chimene yasiya.

Njira yokhalitsa

Kuyambira pa Windows XP ndi Server 2003 muli Volume Shadow Copy, mwachidule VSS. Imachita ngati wojambula zithunzi pa msika: anthu aime kaye kamphindi, iye ajambule, malonda apitirire. Backup imakopa chithunzicho, osati fayilo imene ikugwiritsidwa ntchito. Ikakanika, lamulo la vssadmin list writers limasonyeza pamene pavuta, ndipo nthawi zambiri disiki imakhala yadzaza.

Database ndi nkhani ina

Makina a kaundula wa odwala amene Baobab Health Trust inafalitsa m'zipatala za ma ARV amasunga zonse mu MySQL. Kukopa mafayilo a database ikugwira ntchito n'kudzinamiza, chifukwa mumatenga theka la zakale ndi theka la zatsopano. Gwiritsani ntchito mysqldump ndi --single-transaction. Mu database imeneyi muli mbiri ya mankhwala a munthu amene wayenda mtunda wautali kudzawalandira, ndipo sabwerako ndi kope lina.

Kamodzi pa mwezi

Tengani backup ya dzulo, muibwezeretse pa kompyuta ina, mutsegule fayilo, muone ngati mzere womaliza uli wa dzulo. Hard drive ya backup isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu.