BATIRE LA NJINGA YAMOTO LIKATHA MPHAMVU

Pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka, umene upyola mzinda wathu wa Kafue kunka ku Mazabuka, pamayenda njinga zamoto zambiri, zimene akulu anazicha mithuthuthu cifukwa ca kulira kwace. Alangizi a zaulimi amakwerapo pokaona minda, anchito a cipatala amanyamulirapo mankhwala kunka nao ku midzi, ndipo ogulitsa nsomba amathamangira nazo ku msika nsomba zisanabvunde. Koma tsiku lina njinga imakana kulira, nyale yace iri zii, huta nayenso ali cete. Kawiri-kawiri bvuto liri m'kabokosi kobisika pansi pa mpando kapena m'mbali mwa njinga, ndiko batire. Munthu wosadziwa amaliononga pofuna kulicira, nataya ndalama, kapenanso maso ace amene. Tsono tiyeni tiphunzire za ilo.

Za m'kati mwa batire

Batire la mtundu uwu analipanga poyamba ndi munthu wa ku France, dzina lace Gaston Planté, m'caka ca 1859. M'kati mwace muli zipinda 6. M'cipinda ciri conse muli timapale ta mtobvu tomizidwa m'madzi osanganiza ndi asidi waukali. Cipinda cimodzi cimapatsa mavoliti 2 ndi pang'ono, kotero kuti zipinda zonse pamodzi zipatsa mavoliti 12.6 batire likadzala. Njinga zina zakale ziri ndi batire la zipinda 3 zokha, la mavoliti 6.

Batire liri ngati nkhokwe: silibala kanthu, limangosunga zimene mwaikamo. Likamaturutsa mphamvu, asidi amagwirana ndi mtobvu, ndipo pa timapale pamamera zoyera zonga mcere. Pochaja, zoyerazo zimasungunuka, asidi nabwerera m'madzi. Koma batire likakhala lopanda mphamvu masabata ambiri, zoyera zija zimauma gwa, ndipo sizisungunukanso. Ici ndico cifukwa cace batire lofoka tiyenera kulichaja msanga.

Cimene cimathetsa mphamvu

Njinga ikamayenda imadzichajira yokha batire lace. Mphamvu imatha ngati mwini wace waiwala kuzima nyale kapena kucotsa kiyi. Ngati ayenda maulendo aafupi okha-okha, poliza injini kawiri-kawiri. Ndiponso ngati njinga yakhala nthawi yaitali osayenda, pakuti batire limataya mphamvu pang'ono-pang'ono ngakhale palibe wolikhudza. Mu June ndi July, pamene mphepo yozizira icokera ku madambo a Kafue, batire lokalamba limafoka koposa.

Amakanika ali ndi kacipangizo kopimira mavoliti. Kakasonyeza 12.6 kapena kuposerapo pang'ono, batire nlodzala. Kakasonyeza 12.0, mphamvu yambiri yatha. Kakatsika kufika pa 10.5, batire latheratu, ndipo mwina silidzaciranso.

Kusankha chaja

Magetsi a m'nyumba zathu amacokera ku madzi. Mtsinje wa Kafue ukapitirira mlatho wa njanji umene unamangidwa mu 1906, umalowa m'cigwa cakuya ca Kafue Gorge, kumene madzi akugwa amazunguza makina. Nyumba yoyamba ya magetsi kumeneko inayamba nchito kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo yaciwiri, ya kumunsi, inatsirizidwa mu 2023. Magetsi amene ZESCO ifikitsa m'nyumba ndi a mavoliti 230, ndipo amayenda copita ndi cobwerera. Batire lifuna mavoliti 14 kapena kuposerapo pang'ono, oyenda njira imodzi yokha. Nchito ya chaja ndiyo kucepetsa magetsiwo ndi kuwaongola. Cifukwa cace musayese konse kulumikiza batire ku magetsi a pakhoma popanda chaja. Kutero ndiko kuitana imfa.

Kuti mumvetse bwino, ganizani za madzi. Mavoliti ali ngati kutalika kwa pamene madzi agwera. Maampeya ali ngati kuculuka kwa madzi amene ali kuyenda. Mukachera kambale pa mpopi wotsegula kwambiri, madzi amangotayika. Batire la njinga ndi kambale, la galimoto ndi mtsuko.

Posankha chaja yang'anani zinthu zitatu. Coyamba, mavoliti ace alingane ndi a batire: 12 ndi 12, 6 ndi 6. Caciwiri, maampeya ace akhale ocepa. Pa batire pamalembedwa nambala yotsatidwa ndi zilembo Ah, yosonyeza ukulu wa nkhokwe yace. Gawani nambalayo ndi 10. Batire la 7 Ah lifuna maampeya 0.7, ndiko kucepera pang'ono pa ampeya imodzi, ndipo lidzadzala patapita maora 10 kapena 12. Chaja ca galimoto copatsa maampeya 8 kapena 10 cimatenthetsa batire laling'ono, madzi nauma, timapale nitipindika. Akulu anati, “Kuthamanga sikufika.” Cacitatu, chaja cigwirizane ndi mtundu wa batire. Mabatire ena atsopano ndi a lithium, opepuka m'manja, ndipo afuna chaja caocao. Chaja cabwino koposa ndi cija cimene cimadzicepetsa cokha batire likadzala, pakuti cosaleka cifuna munthu wocilonda ndi wochi.

Mu 2024 mvula inacepa, madzi anatsika m'madamu, ndipo magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku. Anthu ambiri anadalira magalasi a sola. Galasi laling'ono likhoza kuchaja batire la njinga, koma pakati pa ziwirizi pakhale kabokosi kolamulira mphamvu, kuopa kuti batire lingapse dzuwa likakula.

Kachajidwe kace

1. Zimani njinga ndi kucotsa kiyi. Masulani waya wa cizindikiro ca (−) poyamba, pambuyo pace wa cizindikiro ca (+).

2. Ikani batire pamalo popita mphepo, kutali ndi moto. Pukutani mitu yace ngati yacita zoyera.

3. Ngati liri ndi zotsekera pamwamba, onani ngati madzi afika pakati pa mizere iwiri ya m'mbali. Akacepa, onjezani madzi a batire ogula ku sitolo. Madzi a mumtsinje, a pacitsime kapena a pampopi ali ndi micere yoononga timapale. Asidi musaonjeze ai. Batire lomata, lopanda zotsekera, musalitsegule.

4. Panani copanira cofiira ku (+), cakuda ku (−). Mukatero ndipo muyatse chaja.

5. Khudzani batire nthawi ndi nthawi. Likatentha kwambiri kapena kutupa, zimani msanga.

6. Likadzala, yambani mwazima chaja, ndipo mucotse zopanira. Pobwezera m'njinga, mangani waya wa (+) poyamba, wa (−) potsiriza.

Ngati batire lifokanso patapita masiku awiri kapena atatu, pitani kwa makanika. Iye adzapima injini iri kulira. Akapeza mavoliti pakati pa 13.5 ndi 14.5, njinga iri kuchaja bwino, ndipo batire ndilo lakalamba. Akapeza ocepera pamenepo, cilema ciri m'njinga, ndipo kugula batire lina nkutaya ndalama cabe.

Zoyenera kucenjera nazo

Ana inu, nchito iyi muzicita pali munthu wamkulu. Batire likamachajidwa limaturutsa mpweya wosaoneka wochedwa haidrojeni, umene umaphulika ukakomana ndi macesi, fodya kapena moto wothetheka. Musagoneke sipanala pa mitu iwiri ya batire. Asidi amaocha khungu, amaboola zobvala ndi kucititsa khungu m'maso. Akakugwerani, sambani ndi madzi ambiri-mbiri kwa nthawi yaitali, ndipo ngati walowa m'maso, thamangirani ku cipatala mutatsuka.

Mtobvu nawonso ndi poizoni. Ku Kabwe, kumene kale kunkachedwa Broken Hill, mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lace linatsala m'nthaka, ndipo ana ambiri anapezeka ndi mtobvu m'magazi. Mtobvu umafoketsa thupi ndi nzeru za mwana. Cotero batire lakutha musaliphwanye, musasewere nalo, ndiponso musalitaye m'dzala kapena mumtsinje umene timwamo ndi kudyamo nsomba. Liperekeni kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula zitsulo zakale, kuti mtobvu wace ukapangirenso batire lina.

Mafunso

1. Batire la mavoliti 12 liri ndi zipinda zingati?

2. Batire la 5 Ah lifuna maampeya angati?

3. Cifukwa ninji chaja ca galimoto siciyenera batire la njinga?

4. Ndi waya uti umene timasula poyamba?

5. Lembani mau ocepa olangiza mnzanu amene afuna kutaya batire lakale mumtsinje wa Kafue.