Kuzindikira Njiwa za ku Rufunsa Poona Nthenga Zake

Boma la Rufunsa, lomwe linagawidwa kuchokera ku Chongwe mu 2012 ndipo limadutsidwa ndi msewu wa Great East Road pakati pa Lusaka ndi mlatho wa Luangwa, lili ndi nkhalango za miombo momwe mumakhala mitundu ingapo ya njiwa. Popeza mbalamezi zimauluka zikangomva mtswatswa, kawirikawiri munthu amangopeza nthenga imene yagwa m'njira kapena padziwe, komabe nthengayo ndi yokwanira kuulula mwini wake kwa amene waphunzira kuiyang'anitsitsa.

Nthenga za njiwa ndi za nkhunda zimasosoka mosavuta, zili ndi ubweya wambiri wofewa kutsinde, ndipo zikatikitidwa pakati pa zala zimasiya kafumbi koyera kochokera ku tinthenga tapadera timene timanyenyeka tokha pathupi la mbalameyo. Nthenga ya kunsonga kwa phiko imakhala yaitali, yolimba ndiponso yopindika pang'ono, mbali imodzi ili yopapatiza kwambiri, pamene ya mchira imakhala yowongoka, yotakata kumapeto.

Nthenga ya mchira ndiyo yodalirika koposa, ndipo wofuna kuphunzira ayenera kuyambira pomwepo. Njiwa yofala m'minda ya chimanga ndi mapira, imene asayansi amaitcha Streptopelia capicola, ili ndi mzere wakuda kumbuyo kwa khosi wonga mkanda wosalumikizana, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira wake ndi zakuda chakutsinde koma zoyera mbee kumapeto, mwakuti kuyerako kumaoneka patali ikamatera. Inzake ya maso ofiira, Streptopelia semitorquata, yomwe imapitirira masentimita 30 ndipo imakonda mitengo italiitali ya m'mbali mwa mitsinje monga Lunsemfwa ndi Luangwa, ilinso ndi mzere wapakhosi womwewo, kotero kuti ambiri amazisokoneza. Koma kumapeto kwa mchira wake ndi kotuwa, kopanda kuyera ngakhale pang'ono. Kusiyana kumeneku n'kochepa m'maso, koma sikunama. Vuto limabwera ndi njiwa yachitatu, Spilopelia senegalensis, imene nayonso ili ndi mchira woyera kumapeto, ndipo pamenepo pamafunika kufufuza nthenga zina pamalopo, chifukwa iyo ilibe mzere wakuda pakhosi, kumsana kwake n'kofiirira, ndipo tinthenga ta pachifuwa pake ndi takuda mkati, togawanika pawiri kunsonga.

Nthenga yaifupi ya phiko yofiirira ngati dothi la katondo, yakuda kumapeto, kawirikawiri imakhala ya kanjiwa ka masentimita pafupifupi 20 kotchedwa Turtur chalcospilos, kamene kali ndi timadontho tobiriwira tonyezimira pamapiko. Kubiriwirako si utoto weniweni, koma kumabwera chifukwa cha mmene kuwala kumagwera pa timizere tosaoneka ndi maso ta nthengayo, ndipo n'chifukwa chake dontholo limazilala nthenga ikatembenuzidwa. Nthenga yobiriwira yonse, kapena yakuda yokhala ndi mphepete yachikasu, yopezeka pansi pa mkuyu wakupsa, ndi ya njiwa yodya zipatso, Treron calvus.

Mabuku ambiri ochokera ku Ulaya amaonetsa nkhunda yaikulu ya m'nkhalango, Columba palumbus, ya masentimita pafupifupi 40, yokhala ndi mzere woyera pakati pa phiko, koma mbalameyi sipezeka m'Zambia, ndipo nthenga yofanana nayo yotoledwa m'boma la Rufunsa, monga ku Mpanshya kapena ku Chinyunyu, iyenera kuganiziridwa kuti ndi ya nkhunda yoweta.

Mmene nthenga yagwera mulinso nkhani. Ikakhala imodzi, yoperepeseka m'mphepete koma yathunthu kutsinde, ndiye kuti mbalameyo yangoyoyola nthenga yakale kuti pamere ina. Zikakhala zambiri pamalo amodzi, matsinde ali osaduka, ndiye kuti kabawi anazisosola ndi mlomo, pamene mphaka ndi nyama zina zamano zimasiya matsinde otafunidwa. Mtundu wa nthenga zopezeka umasonyezanso mmene tchire lasinthira, chinthu choyenera kudetsa nkhawa m'boma limene limatumiza makala ochuluka ku Lusaka: njiwa ya m'minda imapirira kumalo otsegulidwa, koma yodya zipatso imasamukira kwina mikuyu ikadulidwa.