Nyamulani ndi Miyendo, Osati ndi Msana

Aphunzitsi ndi ana nonse, phunziro lathu lero ndi la kanyamulidwe ka katundu wolemera.

Ku Nabvutika m'tauni ya Chipata, monganso m'midzi yozungulira, kunyamula ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku. Madzi odzaza chigubu cha malita 20 amalemera makilogalamu 20, thumba la ufa 25, ndipo la chimanga 50. Wonyamula molakwika angathe kupweteka msana, nalephera kulima kapena kupita kusukulu kwa masabata angapo.

Msana si fupa limodzi ayi. Uli ndi timafupa 33 tosanjikizana, ndipo pakati pa tambiri mwa ito pali kamnofu kofewa kogwira ntchito ngati nkhata. Munthu akawerama osapinda mawondo, kulemera kumagwera kwambiri pa timafupa 5 ta m'chiuno. Pamenepo nkhata zija zimapanikizika, ndipo imodzi ingathe kufufuma ndi kutsina mtsempha wopita kumwendo.

Tsono chitani motere. Imani pafupi ndi katunduyo, mapazi motalikirana pang'ono. Pindani mawondo ngati mukunjuta, msana uli wowongoka. Gwirani ndi manja onse awiri, ndipo dzukani pang'onopang'ono ndi mphamvu ya ntchafu, katundu atakhudza thupi. Pofuna kutembenuka, sunthani mapazi; musapotoze chiuno. Potula, pindaninso mawondo.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi. Mwana agwire njerwa pachifuwa, kenaka atambasule manja. Adzaona kuti njerwa yomweyo yayamba kumtopetsa msanga. Katundu akatalikira thupi, minofu ndi msana zimavutika koposa. Pa nthawi ya masewera, ana anjute ndi kudzuka kakhumi, msana uli wowongoka, kuti ntchafu zilimbe ndipo thupi lizolowere.

Komabe luso silipeputsa thumba. M'chaka cha 1967 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linalangiza kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndi kuti achinyamata azinyamula wochepa kwambiri. Choncho thumba la chimanga si katundu wa mwana wa sukulu. Ligaweni m'matumba aang'ono, liikeni pa wilibala kapena pa njinga, kapena itanani wamkulu. Paja akuluakulu anati, mutu umodzi susenza denga.